Za Injini Yokana Kulira ndi Maluwa Ofota Pakhomo

Kwa inu eni mabanja a m'dziko la Karonga, kuyambira ku Songwe kufikira ku Chilumba.

Mwezi wa October ukafika, dzuwa la kuno ku nyanja silicita cifundo. Nthaka yamcenga imene munathirira m'mamawa iuma dzuwa lisanapendeke, ndipo mbeu yanthete yosowa madzi masiku atatu kapena anai pa nyengo iyi siidzukanso. Ndiyo nyengo yomwenso injini za pampu zikonda kufa. Ndipo munthu amene anagulitsa matumba a mpunga wace wa Kilombero, kapena ng'ombe yace, kuti agule pampu, aima m'dimba nakoka cingwe kufikira phewa liwawa, tomato alinkufota pamaso pace. Pamenepo ena athamangira kwa makaniko ku boma, nataya ndalama za ulendo ndi masiku awiri. Ena amasula injini yonse pamcenga, nataya tizitsulo timene sadzationanso. M'kalata muno ndifuna kukuonetsani kuti nthenda zambiri za makina awa nzazing'ono, zoti mwini wace akhoza kuziciza ndi sipanala ndi kansaru koyera. Pambuyo pace tidzanena za kamunda ka maluwa ka pakhomo, kamene kawiri kawiri kafa ndi zifukwa zina, ngakhale madzi alipo.

Zitatu zimene injini ifuna

Injini yaing'ono ya petulo, monga ija ya Honda GX160 ndi zinzace zambiri zoifanizira zimene zadzala m'masitolo, iri ndi mtima umodzi, ngakhale iyendetse pampu, kapena jenereta, kapena makina ochechera kapinga. Kuti ilire ifuna zinthu zitatu: petulo, mpweya ndi moto. Petulo ndi mpweya zikomana m'kabokosi kochedwa kabuleta, zilowa pamodzi m'cipinda ca injini, pisitoni azipanikiza, ndipo pulagi alabvula kamoto kamene kaziyatsa. Injini ikakana kulira, dziwani kuti cimodzi ca zitatuzi sicinafike. Nchito yanu ndiyo kuzifunsa cimodzi cimodzi, kuyambira pa cosabvuta, osamasula kanthu kaciwiri musanabwezere koyamba. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Yambani ndi zimene amuna acita nazo manyazi. Kodi swichi iri pa ON? Kodi kampopi ka petulo nkotsegula? Kodi mwatseka choki, pokhala injini njozizira? Ikakhala yotentha, choki isiyeni yotsegula, pakuti mukaitseka mudzaimwetsa petulo wopitirira. Tsono turutsani kotsekera ka oilo muone. Injini zambiri za mtundu uwu ziri ndi kamlonda m'kati kamene kazimitsa moto oilo akacepa. Ndipo kamlondako kacita cimodzimodzi mukaimika pampu popendekeka m'mphepete mwa mtsinje, cifukwa oilo athawira mbali imodzi. Anthu ambiri asenza pampu yamoyo kunka nayo kwa makaniko, ndipo pofika pa simenti yosalala ilira pa kukoka koyamba. Yalani thabwa pansi pace kuti ikhale molunjika.

Za petulo

Apa ndi pamene pagona mabvuto ocuruka, ndipo ndidzacedwapo pang'ono. Kuyambira caka ca 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kucheza ethanol kucokera ku zotsala za nzimbe, petulo wa dziko lino asakanizidwa naye. Ethanol ndiye mbale wace wa kacasu, ndipo akonda madzi: akoka cinyezi ca mumpweya, ndipo kuno ku nyanja cinyezi sicisowa. Petulo amene agona m'thanki miyezi iwiri kapena itatu asonkhanitsa madzi pansi, ndipo wotsala m'kabuleta auma nasiya utomoni umene utseka timabowo. Ndico cifukwa cace pampu imene inasungidwa bwino m'nyumba dzinja lonse ikana kulira m'mwezi wa May kapena June, mwini wace nayamba kuganizira anansi ace zoipa. Onjezani pamenepo petulo wa m'mabotolo wogulitsidwa m'mbali mwa mseu. Sindinena kuti onse ogulitsa ndi onyenga. Koma cigubu cimene dzulo cinatunga madzi ndipo lero casunga petulo sicikhala couma.

Muyeseni motere. Tsekani kampopi. Pansi pa kabuleta pali kambale kacitsulo, ndipo m'mbali mwace muli kabauti kokhuthulira. Cherani botolo lagalasi loyera ndi louma, masulani kabautiko, tsegulani kampopi, petulo atsikiremo pang'ono. Likwezeni botololo ku dzuwa. Madzi akakhalamo adzakhala pansi, ngati timikanda kapena ngati mzere wosiyana. Petulo wakale adzaoneka wodera ndi kununkha ngati penti. Woteroyo mkhuthuleni yense, koma osamtaya m'dimba kapena mumtsinje. Petulo akapanda kutsika konse, ndiye kuti njira yatsekeka pamwamba: tsukani kasefa ka m'thanki ndi kakapu kamene kali pansi pa kampopi, momwe zinyalala zikhazikika.

Petulo akatsika bwino, koma injini ilira pokhapokha choki iri yotseka, kapena ilira mokwera ndi kutsika ngati munthu wa mphumu, masulani kambale kaja. Pakati pace, m'kati mwa kamtengo kacitsulo, muli kacitsulo kamkuwa kokhala ndi bowo laling'ono ngati la singano. Katsukeni m'petulo woyera ndi kukauzira ndi pampu ya njinga kufikira muona kuwala kupyola m'bowomo. Musalowetsemo singano kapena msomali iai. Bowolo linayesedwa ku fakitale, ndipo mukalikuza, injini idzamwa petulo mopitirira masiku onse a moyo wace. Zonsezi mucitire pa thumba loyera kapena m'beseni, osati pamcenga.

Palinso kanthu kena kamene kapusitsa ndi amakaniko omwe. Injini ilira bwino mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, nizima. Mukadikira ilira, nizimanso. Ikazima, masulani cotsekera ca thanki mumvetsere. Mukamva mpweya ukulowa mwamphamvu, ndiye kuti kabowo kopumira ka m'cotsekeramo katsekeka ndi pfumbi, ndipo petulo sakhoza kutsika, monga madzi sakhoza kuturuka bwino m'botolo lozondotsa.

Tsiku limene mutsiriza kuthirira, mvula itagwa, tsekani kampopi injini irinkulira, muisiye kufikira izima yokha. Khuthulani wotsala m'thanki ndi m'kambale. Kanchito aka ka mphindi zowerengeka ndiko kadzakupulumutsani m'May.

Za mpweya ndi moto

Mwera ukayamba kuomba, pfumbi ndi mcenga ziyenda m'mwamba, ndipo injini ipuma zonsezo. Tsegulani kabokosi ka sefa ya mpweya sabata iri yonse. Ikakhala ya siponji, icapeni m'madzi a sopo, muiumitse bwino, muidonthezere oilo pang'ono ndi kuifinya. Ikakhala yapepala, igogodeni pa thabwa, osainyowetsa; ikada kwambiri kapena kung'ambika, gulani yina. Ndaona amuna ocenjera akucotsa sefa nakondwa kuti injini yapeza mphamvu. Mphamvuyo njamasiku ocepa, pakuti mcenga wolowa upala cipinda ca pisitoni monga mwala unola mpeni, ndipo kukonza kwace kuyandikira mtengo wa injini yatsopano.

Tsono pulagi. Mturutseni ndi sipanala yace, muyang'ane kumutu kwace, pakuti iye ndiye mboni ya zonse zocitika m'kati. Akakhala wotuwa kapena wofiirira ngati dothi louma, injini iri bwino. Akakhala wakuda ndi mwaye wouma, petulo acuruka ndipo mpweya ucepa: onani sefa ndi choki. Akakhala wonyowa ndi petulo, mwaimwetsa injini. Mpukuteni, tsekani kampopi, kokani cingwe kangapo pulagi ali kunja, mumbwezere ndi kuyesanso choki iri yotsegula. Akakhala wakuda ndi wamafuta, oilo alinkukwera kumene sayenera kufika. Mpata wa pakati pa timano tace tiwiri ukhale mamilimita 0.7 kufikira 0.8. Pofuna kuona moto, mbvekeni waya wace, mumgunditse pa citsulo ca injini kutali ndi bowo lace ndi petulo wotayika, mutagwira pa mphira, ndipo mnzanu akoke cingwe. Kamoto kobiriwira kothetheka ndiko kabwino. Kakasowa, yesani pulagi wina musanaganize za zazikuru. Nkwanzeru kusunga mmodzi watsopano m'thumba, pakuti mtengo wace sufika pa ulendo wa ku boma. Pombwezera yambani ndi zala, sipanala ibwere potsiriza, mungaononge mazinga.

Utsi uli ndi mau ace. Wakuda unena za petulo wocuruka. Wobiriwira kapena wotuwa unena za oilo: kapena mwathira wopitirira, kapena injini inagonekedwa cammbali pa njinga kapena pa ngolo, kapena yakalamba. Injini ya mtundu uwu imwa oilo wongopitirira pang'ono theka la lita, wa SAE 30 kapena 10W-30. Yatsopano isinthidwe oilo itagwira maola 20, ndipo pambuyo pace maola 100 ali onse. Koma m'pfumbi la kuno ndikulangizani kuti musapitirire maola 50. Khuthulani injini iri yofunda. Oilo ali ndi cipinda cacecace. Musamsakanize ndi petulo monga acitira ndi timakina tonyamula pa phewa, pakuti timeneto ndi mtundu wina.

Ziripo zina zimene muyenera kulekera makaniko. Cingwe cikapepuka kwambiri ngati mulibe kanthu m'kati. Cikakana kukokeka konse. Mukamva kugogoda kwa citsulo m'mimba mwa injini. Mukaona tizidutswa tonyezimira m'oilo: lekani, musaumirize. Safunsa anadya phula.

Injini ilira, koma madzi safika

Pampu siikhoza kukoka mpweya. Musanailize, dzazani madzi m'mimba mwace pa kotsekera ka pamwamba kufikira asefukira. Kuiliza youma kupsereza kamphira kamene kachinga madzi kuti asalowe ku injini, ndipo idzayamba kudontha pansi. Ikadzala koma osakoka, funani pamene mpweya ulowa: pa mfundo ya paipi yokokera, pa mphira ya m'kati mwa mfundoyo imene itayika kawiri kawiri, kapena pa mng'alu wa paipi. Sefa ya kunsonga imire yonse, koma isagone pa matope. Imangeni m'dengu kapena m'ndowa yakale yoboola. Mcenga wa North Rukuru ndi Lufilya udya mapiko a pampu msanga. Ndipo kumbukirani kuti palibe pampu yotere imene ikhoza kukweza madzi kucokera pansi kopitirira mamita 7 kapena 8, ngakhale ikhale yatsopano. Madzi akaphwera m'cirimwe, tsitsani pampu iwayandikire. Kukankha madzi kunka kumtunda sikuibvuta monga kuwakoka.

Makina okwera ochechera kapinga

Ena mwa inu, kapena ana anu, alembedwa nchito pa sukulu, pa mishoni, kapena pa nyumba za alendo za m'mbali mwa nyanja, kumene kuli makina ochechera kapinga okhala ndi mpando, amene munthu akwera ngati kathilakitala. Zonse ndanena za petulo, sefa ndi pulagi zigwira komweko. Koma makinawa aliza ndi batire la mavoti 12, ndipo ali ndi alonda ena: sadzalira munthu asanakhale pampando, asanaponde buleki, ndiponso cogwirira ca mipeni cisanabwezedwe. Mukapotoza kiyi ndi kumva kuti tha, tha, osazungulira, onani mitu ya batire. Ikamera zoyera, itsukeni ndi madzi a soda, muimange zolimba. Mukapanda kumva kanthu konse, ganizani za alonda aja ndi fyuzi. Musalole munthu kudula waya wa pampando pofuna kucepetsa bvuto, pakuti ndiwo uimitsa mipeni wokwerayo akagwa.

Akacheca mosiya mizere kapena mopendekeka, yesani mpweya wa m'matayala coyamba, pakuti tayala limodzi lophwa lipendeketsa mipeni yonse. Akanjenjemera, mpeni wapindika pa mwala kapena pa culu. Akanunkha mphira, lamba alinkuterereka cifukwa ca udzu wauwisi womatirira kunsi. Musanalowetse dzanja kunsiko, cotsani kiyi ndi waya wa pulagi. Pamalo otsetsereka yendani cokwera ndi cotsika, osati copingasa, angagubuduke. Udzu wotalika wa m'February uyambe wapitidwa ndi cikwakwa. Ndipo mwana asakwezedwe pa makinawa ngakhale alire.

Mau awiri a cenjezo pa injini iri yonse. Musathire petulo iri yotentha kapena pafupi ndi nyali ndi fodya. Ndipo musailize m'nyumba kapena m'citsime cakuya, pakuti utsi wace uli ndi mpweya wakupha wosanunkha, umene ugonetsa munthu tulo tosadzuka nato.

Za maluwa a pakhomo

Ndidziwa kuti ena a inu mudzati, Maluwa sadyedwa. Imeneyo ndi nchito ya amai ndi ana a sukulu. Koma taonani: njuci zimene zidza ku maluwa a pakhomo ndizo zomwe zibereketsa maungu, nkhaka ndi mango anu, ndipo nthenda imene ipha maluwa lero ndiyo idzapha tomato ndi therere mawa, pakuti nthaka ndi imodzi. Kusamala pakhomo sikwacilendo kwa inu. Joseph Thomson, amene anafika kumutu kwa nyanja m'caka ca 1879, ndi Monteith Fotheringham, amene anakhala pa Karonga m'zaka za m'ma 1880, onse awiri analemba modabwa za midzi ya kumtunda kuno: mabwalo osesedwa, nyumba zaukhondo, ng'ombe zonenepa, ndi nthoci zozinga mudzi wonse.

Koma zindikirani cimene makolo anu anacita ndi zosesazo. Ndowe, phulusa ndi zinyalala anazithira pa mitsitsi ya nthoci, ndipo nthocizo zinadyetsa mudzi mibadwo yambiri pa malo amodzi. Lero ambiri asesa bwalo m'mawa uli wonse, natentha zosesazo, ndipo pa nthaka yomweyo, yopalidwa ndi tsace zaka makumi awiri ndi kupondedwa kufikira yauma ngati njerwa, abzala maluwa nadabwa kuti sakula. Bwalo losesa nlabwino, liletsa njoka. Koma pamene mufuna kubzala payenera kukumbidwa kuya kwa mkono kufikira pa cigongono, ndi kusakaniza ndowa ziwiri za manyowa okupsa pa phazi lalikuru liri lonse. Ndinena okupsa, ndiwo amene ada, azizira, ndi kununkha ngati dothi la m'nkhalango. Ndowe yaiwisi ya m'khola, makamaka zitosi za nkhuku, ipsereza mizu. Inu a ku Hara, Wovwe ndi Lufilya muli ndi cuma cimene ena alibe: mapesi a mpunga ndi mankhusu a ku cigayo. Aunjikeni m'dzenje mosanjikiza ndi ndowe ndi masamba auwisi, muziwaza madzi ndi kutembenuza mwezi uli wonse, ndipo pakatha miyezi itatu mudzakhala nao manyowa. Dothi la pansi pa msangu nalonso nlabwino kutapa.

Mbeu ikafooka, musathamangire kugula mankhwala. Zulani imodzi yodwalitsa, ndi dothi lace, muyang'ane mizu, pakuti nthenda zambiri zooneka kumasamba zikhala pansi.

Mizu ikakhala yotupa ndi mfundo ngati mikanda, ndiye kuti muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, timene tikonda kwambiri mcenga wofunda wa ku nyanja. Mbeu yotere ifota masana ngakhale mwathirira, ndipo siikula. Musasokoneze mfundozi ndi timaso ta pa mizu ya nyemba ndi mtedza, timene tithothoka mukatikhudza ndi cala ndipo ndi tabwino. Mfundo za nthenda ndi kutupa kwa muzu weni weni. Zulani zodwalazo muzitenthe, tembenuzani dothi liwambidwe ndi dzuwa la October, thirani manyowa ambiri, ndipo bzalani pamenepo maluwa aja acikasu onunkha ochedwa marigold, mothithikana, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Mizu yao icepetsa tinyongolotsito. Kumwaza marigold mmodzi apa, wina apo, sikuthandiza kweni kweni. Ayenera kudzaza bedi lonse. Ici ndico cifukwa cina cimene ndinenera kuti maluwa ali ndi nchito ndi m'dimba momwe.

Mizu ikakhala yakuda, yofewa ndi yonunkha, yamira. Izi zicitika pa dothi lamakande, ndi pansi pa denga lamalata pamene madzi a mvula agwera, ndi m'zitini zosaboola kunsi. Kumpoto, ca ku Kaporo, kumene mvula icuruka nipitirira kufikira April ndi May, kwezani mabedi kutalika kwa cikhatho cimodzi kapena ziwiri. Koma ca ku Lupembe ndi Mlare, kumene mvula icepa, citani mosiyana: kumbani bedi likhale lolowa ngati mbale, kuti dontho liri lonse likhale pomwepo. Malangizo a bedi lokwera amene muwerenga m'mabuku olembedwa ku mapiri sagwira ponse ponse.

Mizu ikakhala yodyedwa ndi yopanda kanthu m'kati, ndi ciswe. Koma ciswe cikonda mbeu imene yafooka kale ndi ludzu. Ambiri aopa kuphimbira nthaka cifukwa ca ico. Ine nditi phimbirani ndithu, ndi mapesi a mpunga kapena masamba a nthoci ouma, kucindikala kwa zala zinai, kungosiya mpata wa zala zitatu kuzungulira tsinde. Ciswe cidzadya zoumazo, ndipo nthaka ya pansi pace idzakhala yozizira ndi yonyowa masiku owirikiza.

Mizu ikakhala yoyera ndi yabwino, bwererani kumasamba. Masamba akale a m'munsi akacita cikasu coyamba, ndi njala: thirani manyowa, kapena madzi amene mwabviikamo masamba a deliya kapena ndowe sabata ziwiri, mutawasungunula kufikira aoneka ngati tiyi wopepuka. Masamba atsopano a kunsonga akacita cikasu, mitsempha yace iri yobiriwira, kawiri kawiri ndi phulusa locuruka kapena madzi osaphwera. Phulusa ndi monga mcere m'ndiwo. M'mphepete mwa masamba mukapsa, ndipo pamwamba pa dothi pali zoyera, ndi mcere wa m'madzi, pakuti zitsime ndi mijigo yina ya m'dambo iri ndi madzi amcere. Madzi a sopo waufa wocapira acita cimodzimodzi. Madzi otsukira mpunga ndi otsukuluzira mbale ndi abwino, musawataye. Masamba akapotana ndi kumata, ndipo nyerere zikwera ndi kutsika, tembenuzani tsamba: mudzapeza nsabwe. Sungunulani kasopo kamtanda m'madzi, kapena bviikani masamba a nimu osinja usiku umodzi, muwaze kunsi kwa masamba madzulo, ndi kubwereza pakatha masiku asanu.

Pa kuthirira ambiri alakwa mwa cifundo. Kuwaza pang'ono m'mawa, masana ndi madzulo kuitana mizu ikwere pamwamba, kumene dzuwa liipsereza. Thirani kwambiri, madzi alowe kuya kwa cikhatho, ndipo dikirani. Pisani cala m'dothi, cikaturuka conyowa, lekani. Nthawi yace ndi m'mamawa kapena dzuwa litapepa. Mukathirira ndi pampu, musalunjikitse paipi pa tsinde, pakuti mphamvu yace ifukula mizu. Madzi agwere pa thumba kapena pa mwala, ayende okha m'ngalande. Amene atunga kutali akwirire mphika wadothi wosapaka kanthu pakati pa bedi kufikira m'khosi, audzaze ndi kuubvundikira kuti udzudzu usaswanemo. Mphikawo udzatuluka thukuta m'nthaka, ndipo mizu idzauzinga. Ndipo musabzale pansi pa mango: mthunzi wace ngwakuda, ndipo mizu yace idzamwa zonse mwathira.

Kaya mucite zonsezi, mbuzi imodzi ikhoza kutha nchito ya miyezi itatu pa ola limodzi. Mpanda wa bango kapena wa mapesi ndi nchito ya bambo, ndipo uyenera kuima mbeu isanalowe pansi. Si bwino kudzudzula amai kuti maluwa afa pamene inu simunamange mpanda.

Cotsala ndico kusankha. Ambiri atenga rose ku Mzuzu kapena ku Livingstonia, kumene kuli kozizira, nalira naye pa mcenga wa Ngara. Akhoza kukhala moyo, koma afuna madzi, mthunzi wa masana ndi cisamaliro coposa phindu lace. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Kuno akondwa bougainvillea, hibiscus, frangipani, zinnia, marigold ndi portulaca. Ndipo cidede cikupatsani duwa ndi ndiwo pamodzi. Bougainvillea akapatsidwa madzi ndi manyowa ambiri abala masamba okha. Mumuumitse pang'ono ndipo adzacita maluwa. Nthambi za hibiscus ndi bougainvillea zibzalidwe mvula itakhazikika m'December kapena January. Nthambi ya frangipani iyambe yagona pamthunzi sabata imodzi kuti bala lace liume, ingaole. Ndipo utomoni wace usafike m'maso. Zinnia ndi marigold afesedwe mvula irinkutha, m'April kapena May, kuti akule m'miyezi yozizira.

Atatu awa musawalole pakhomo, inu eni ng'ombe. Oleander, wa masamba atali ndi maluwa ofiira kapena oyera, ndi mnzace wa maluwa acikasu, ali ndi poizoni m'tsamba, m'nthambi ndi m'mbeu. Masamba owerengeka akhoza kupha ng'ombe, ndipo mwana wotafuna mbeu yace ali pangozi. Lantana, amene ena acita naye mpanda, adwalitsa ciwindi ca ng'ombe, ndipo mbalame zifesa mbeu zace m'busa monse. Wacitatu ndiye namasupuni, wa duwa lokongola loyandama pamadzi. Amene anaona m'mene watsekera mtsinje wa Shire sadzamponya m'citsime kapena m'ngalande ya mpunga.

Mukazula mbeu ndi kupeza cimene simucizindikira, ikulungeni yonse ndi mizu yace m'pepala, mupite nayo kwa mlangizi wa dera lanu tsiku lomwelo isanaume. Iye akalephera adziwa njira ya ku Baka, kumene kuli malo ofufuzira za ulimi. Ndipo maluwa a zinnia ndi marigold akauma pa mtengo, thyolani mitu yaikuru ya mbeu zamphamvu, muiumitse pamthunzi sabata imodzi, muifikise m'manja, ndi kusunga mbeuzo m'pepala, m'citini cotseka bwino muli phulusa louma pang'ono, kutali ndi moto wa m'khichini, kufikira April.